Atelala amene anaona thukuta

Shopu ya Atelala ndi kachipinda kopanikizika, pakati pa wokonza mafoni ndi wometa tsitsi. Ukalowa, chimayamba kukulandira ndi fungo la simbi yotentha, kenako mawu a eni ake akudutsa pakati pa mapini amene aluma pakamwa. Ndi mayi ojintcha, a imvi za apo ndi apo, tepi yoyezera ili m'khosi tsiku lonse ngati anabadwa nayo. Madiresi ambiri a amayi oyembekezera a m'derali anatuluka pa makina awo, timalaya ta makanda nato chimodzimodzi, koma iwo sanaberekepo. Nkhaniyi saibisa, koma saiyambanso okha.

Mmodzi mwa makasitomala awo ndi mtsikana amene anamutcha Namantha, chifukwa tsiku loyamba kubwera anakana kutsitsa mwana kumbuyo mpaka atatola mapini onse pansi. Mwamuna wake ndi wowotcherera zitsulo. Ali ndi kamwana kamodzi kakakazi, ndipo anagwirizana kuti wachiwiri adikire kaye mpaka woyambayu atayamba sukulu.

Nyengo yozizira ili pakati, Namantha anabwera ndi madiresi awiri kuti awadule manja ndi kukulitsa khosi.

"Kuzizira konseku ukufuna kuyenda mikono pamtunda?" anatero Atelala. "Wapeza wina wokuonerera eti?"

"Ayi, anti. Ndimangomva kutentha."

Ali mkati momuyeza, kutentha kuja kunabwera. Kunayambira pachifuwa, kukwera m'khosi, mpaka thukuta linachita kamukamu pamphumi. Namantha anaona tepi itaima. Atelala anachotsa mapini pakamwa, chinthu chimene sachita ngakhale pokangana ndi wometa tsitsi.

"Mwanawe, msambo ukuyenda bwanji?"

Namantha anayang'ana kukhomo kaye asanayankhe. Unkabwera mwezi uno, n'kusowa miyezi ingapo. Jakisoni wakulera anasiya kalekale. Anagulapo kachida koyezera mimba kufamase, osapeza kanthu. Ankadzuka malaya atanyowa, n'kumaganiza kuti ali ndi matenda oopsa, kuti kamwana kake kadzaleredwa ndi mkazi wina. Sanauze aliyense, ngakhale mwamuna wake.

Atelala anakhala pampando pang'onopang'ono.

"Ine zinandiyamba ndili wamkulupo pang'ono kuposa iweyo. Ine ndi bambo amene ndinali nawo tinkati tiyambe tagula makina, ana abwera pambuyo. Makina ndi awa ukuwaonawa." Anawasisita pamsana. "Pomwe tinkati tsopano tiyambe, zii. Ndinamwa zowawa zonse zimene apongozi ankabwera nazo m'mabotolo. Adokotala atadzandiuza kuti mazira anatha kale, bambo aja anali atapeza kale kwina. Masiku amenewo kunalibe wondiyeza msanga. Lero kuli. Mawa ubwere m'mawa tipite kuchipatala, mwana umusiye kwa mlamu wako."

Mawa lake Atelala anatseka shopu, n'kuuza wometa tsitsi kuti aliyense wofuna diresi lake adikire kapena avale lakale.

Kuchipatala Namantha ankayang'anitsitsa chilichonse: ngati nesi watsegula singano yatsopano, ngati pakabotolo alembapo dzina lake osati la wina. Magazi anatenga pang'ono chabe, pamkono.

"Basi?" anafunsa.

"Mumafuna tikudzazeni chidebe?" nesi anaseka. "Khalani pabenchipo, zotsatira zituluka lero lomwe."

Pabenchi paja Atelala anatulutsa siketi ya munthu m'chikwama n'kuyamba kupinda m'munsi. Anamupatsa Namantha kuti agwire mbali inayo. Siketiyo sinkafunika kugwiridwa, iye anadziwa, koma anaigwirabe mpaka nesi atamuitana.

Adokotala anali mayi ofatsa, olankhula mosathamanga. Anafotokoza kuti m'magazi a mkazi muli kamadzi kena ka m'thupi kamene kamasonyeza kuchuluka kwa mazira amene atsala. Kwa iye kanali kochepa, kochepa kwambiri poyerekeza ndi msinkhu wake.

"Ndiye kuti ndifa?"

"Ayi, mayi. Si matenda okupha."

"Nanga mwana wina?"

"Sindingakulonjezeni, komanso sindinanene kuti n'zosatheka. Tiyezanso zina, tikujambulaninso m'mimba. Koma ngati mukufuna wina, zodikira sukuluzo zisiyeni. Mubwere ndi bambo."

Panja Namantha analira, osadziwa ngati akulira chifukwa choti safa kapena chifukwa cha mazirawo. Mantha atsopano anali atalowa kale m'malo mwa akale. Akamuuza bwanji mwamuna wake? Kunyumba kwawo khoma ndi lopyapyala, ndipo chipinda chinacho amagona apongozi, amene anayamba kale kufunsa kuti kamtsikanaka kadzasewera ndi ndani. Ndipo mapeto a banja la Atelala anali atawamva ndi makutu ake.

"Mwamuna wako si bambo aja," anatero Atelala. "Mwina ndi wopusa mwa njira ina, koma tiye timuone kaye."

Madzulo ake Atelala anatumiza uthenga kwa mwamuna wa Namantha kuti chitsulo cha pawindo la shopu chaguluka. Mwamunayo anafika ali mu ovololo, magalasi akuda ali pamphumi. Anagwedeza chitsulo chilichonse.

"Mayi, apa palibe chaguluka."

"Ndakalamba, maso anandinamiza. Lowa uko, mkazi wako akufuna umuone diresi."

Anawakankhira kuseri kwa katani, kumene anthu amayesera zovala. Pabenchi panali makasitomala awiri, makutu ali tcheru. Atelala anakhala pa makina, n'kuponda. Anaponda mwamphamvu, mosalekeza, makina akulira ngati chigayo, mpaka wokonza mafoni anamenya khoma.

Kuseri kuja Namantha ananena zonse, pakamwa pali pafupi ndi khutu la mwamuna wake. Mwamunayo ankapotokola chipewa. Namantha ankamuyang'ana nsagwada, poti ndi pamene mkwiyo wake umayambira. Sizinagwedezeke.

"Ndiye miyezi yonseyi umangovutika wekha? Ine n'kumati bulangete ukulikana chifukwa ndikununkha zitsulo."

"Nanga akapanda kubwera wachiwiriyo?"

"Tili naye kale mmodzi, wosamva ngati anthu atatu. Amayi ndikalankhula nawo ndekha. Kuchipatalako akutifuna liti?"

Atatuluka, Namantha anaona kuti pa makina panalibe nsalu, ngakhale ulusi. Atelala ankapukuta thukuta, miyendo itatopa.

"Diresi lakhala bwanji?" anafunsa mokweza, kuti a pabenchi amve.

"Lakhala bwino, mayi," anayankha mwamunayo. "Zikomo."

Mimba sinabwerebe mpaka pano. Amapita kuchipatala onse awiri, mwamunayo atasamba m'manja mpaka kuyera, ndipo mafunso ambiri kwa adokotala amafunsa ndi iyeyo. Pali masiku amene Namantha amadzuka ndi mantha, koma tsopano amamugwedeza mnzakeyo n'kumuuza. Akamadutsa pa shopu amalowa, ngakhale alibe chosoketsa. Anayesapo kuthokoza bwinobwino, mawu atawakonza kale panjira, koma Atelala anamudula.

"Iwe, ukunditchingira kuwala. Ngati wabwera kudzacheza, tenga simbiyo usite malaya awo."

Namantha anatenga simbi, n'kuyamba ndi kolala.