Nsanamira Imene a Preece Anaoletsa

Mundikhululukire polimba mtima kulemba, pakuti sindinalembepo kanthu koposa makalata. Koma za a Ivor Preece, mmisiri wa matabwa wakwathu kuno ku Herefordshire, ndaona kuti zisangothera m'kamwa.

Kwa zaka zoposa makumi anayi a Preece akhala akusamalira nyumba yaikulu ya banja la a Tarrant, ija ya mitanda yakuda ndi zipupa zoyera, imene chipinda chake cham'mwamba chinatulukira kunja ngati mimba. Yaima zaka mazana asanu, mtengo wa thundu kugwirana ndi unzake, yolumikizidwa ndi zikhomo zamtengo zokhazokha. M'mudzi muno mawu a a Preece pa nkhani ya matabwa satsutsika.

Chaka chatha nsanamira yapangodya inayamba kutitimira. A Preece ataibaya ndi tchizulo, chinalowa ngati mu buledi. Wina kalekale anamata chipupa cha pansanamirapo ndi simenti, simentiyo n'kumasunga madzi pamtengo mpaka kuuoletsa.

"Ndi mbuli iti inachita zimenezi?" anafunsa Mayi Tarrant, eni nyumba. "Bwenzi ndikuitana akatswiri a m'tauni, koma ndimadalira inu."

A Preece anakanda pachipumi. Amene ankagwira nawo ntchito masiku amenewo onse anatsikira kuli chete, ndipo kunamizira mmodzi mwa iwo sikukanavuta.

"Mbuliyo ndine, mayi. Ndinali ndi zaka makumi awiri, ndipo ndinkanyadira kusalala kwake."

"Inu? Amene munandikalipira sabata yathunthu chifukwa cha kamsomali kopachikira chithunzi?"

"Nthawi imeneyo tsitsi linali lambiri, nzeru zinkasowa polowera."

Mayi Tarrant sanaseke. "Ndiye ndikukhulupirireninso bwanji, bambo Preece?"

"Pali zipupa zina zitatu zimene ndinamata, zobisika ndi laimu. Wozidziwa ndine ndekha. A m'tauni adzazipeza nyumba itagwada kale."

Mayiwo anati, "Yambani Lolemba. Koma za msomali uja ndisadzamvenso."

A Preece anagumula simenti yonse, nachirikiza nyumba, nadula poola, n'kulumikiza thundu watsopano. Mabowo a zikhomo ankawaboola mophonyana pang'ono mwadala, kuti chikhomo polowa chikoke mitengo iwiriyo ikumbatirane. M'zipupa analuka timitengo, namata dothi losakaniza ndi udzu ndi ndowe, lija limalola nyumba kupuma. Ntchitoyo inawadyera chilimwe chonse, mawondo akudandaula.

Pomaliza Mayi Tarrant anafuna kudetsa chigamba cha thundu watsopanocho kuti chifanane ndi mitanda inzake. A Preece anakana.

"Chisiyeni choyera, mayi. Mmisiri wobwera m'mbuyo mwanga adziwe poyambira kuyang'ana."

Kwathu nanenso kuli mtanda wapakhomo umene ndinaubisa ndi penti nditaona kuti wayamba kufewa. Loweruka lino ndiupala, ndiwaitane a Preece, ndipo akafunsa wopaka, ndiwauza.