Bokosi Lolamula Makina ku Tsangano

Bokosilo linafika pa munda wa boma ku Tsangano nkhondo itayamba kale kuyandikira kwathu. Linabwera pa kamyau, galimoto yaikulu ya katundu, limodzi ndi mzungu wake, ndipo anthu anathamangira kukatsitsa poganiza kuti muli sopo kapena mchere, popeza zinthu zimenezo zinali zitasowa m'sitolo. Atatsegula anapeza bokosi lachitsulo lotuwa, lokhala ndi timagetsi tating'ono ndi mabowo olowetsamo mawaya. Ambiri anabwerera kukakumba kachewere.

Ine ndinali mlembi wa pa balansa kapena kuti sikelo, woyeza matumba a kachewere ndi a tirigu akamachoka kumunda. Ndinkawerenga Chipwitikizi bwino, ndipo ndinali ndi mwana mmodzi amene ankakhala ndi amayi anga ku Ntengo-Wambalame. Za makina sindinkadziwa chilichonse kupatula kuti amaluma zala.

A diretori, oyang'anira mundawo, anali ochokera kumwera. Chichewa ankangodziwa cha moni ndi chokalipira. Anatisonkhanitsa m'chishedi chachikulu, momwe munali lamba wonyamula mbewu, nkhokwe yachitsulo ndi balansa yatsopano, zonse zitangokhala chibwerere. Anati bokosilo dzina lake ndi automatu, ndipo ndilo lidzalamule zonsezo: kuyendetsa lamba, kutsegula chitseko cha nkhokwe, kudzaza thumba, kutseka likakwana. Anati kuyambira tsiku limenelo umphawi watha pa mundawo. Tinaomba m'manja monga mwa masiku onse.

Osankhidwa kuphunzira tinali atatu: ine, madala ena amene ankakonza magetsi pa mundapo chiyambire nthawi ya atsamunda, ndi alamu awo a a diretori, amene ntchito yawo palibe ankaidziwa.

Chovuta chinali chimodzi. Anthu a kutchire, omenyana ndi boma aja, anali atagwetsa mapolo a magetsi, ndipo mafuta a jeradori, injini yopangira magetsi, ankathera m'galimoto ya a diretori. Choncho maphunziro athu olamula makina anayamba ndi choko.

Mzunguyo tinkamutcha a enjenyeru. Anali wamtali, mphuno yake inkasupuka ndi dzuwa ngakhale ku Tsangano kozizira kuja, ndipo Chipwitikizi chake chinali cha m'buku. Anajambula pa bolodi mizere iwiri yoimirira, pakati pake mizere yopingasa.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa.

"Makwerero," anatero madala a magetsi.

"Eya. Makina amawerenga makwerero amenewa kuchokera pamwamba kutsika, akafika pansi n'kuyambanso. Pa mzere uliwonse mumawafunsa funso. Thumba lilipo? Balansa yakwana? Ngati thumba lilipo ndipo silinadzaze, chitseko chitseguke. Samadziwa 'mwina'. Samadziwa 'tionana mawa'."

Madala anagwedeza mutu n'kundinong'oneza m'Chichewa kuti makina oterewa sachedwa kuchotsedwa ntchito m'boma.

Koma ine zinandigwira mtima. Ndinali nditazolowera malamulo amene m'mawa ankatanthauza china, madzulo china, ndipo wolakwa ankakhala iwe nthawi zonse. Apa panali chinthu chimene chimachita zokhazo wachiuza. Ukalakwa, cholakwacho chimaoneka pa mzere wake, umachiloza ndi chala n'kuchikonza. Ndinayamba kuona makwerero ponseponse. Ndikamachapa kumtsinje ndinkalankhula ndekha: ngati sopo alipo ndipo madzi alipo.

Bolodi litatopetsa, a enjenyeru anati ife tikhale makinawo. Madala anakhala chitseko cha nkhokwe, kutambasula manja akatseguka, kuwapinda akatseka. Ine ndinali balansa, kukweza dzanja thumba likakwana. Alamu a a diretori anapatsidwa kukhala chodikirira nthawi, kachipangizo kamene kamawerenga pang'ono lamba asanayende. Ntchito imeneyi inawayenera, kungoti nthawi zina ankaodzera ali pa mpando, fabrika yonse, fakitale yathuyo, n'kuima. A enjenyeru ankayenda pakati pathu akuwerenga mzere ndi mzere. Amayi obwera kudzayezetsa kachewere ankaima pakhomo n'kumaonerera anthu akuluakulu akuvina popanda ng'oma. Mmodzi anandifunsa ngati kulowa mpingo umenewu kumafuna ubatizo.

Tsiku lina a diretori analowa tili pa phunziro la batani lofiira, loimitsa zonse pakachitika ngozi.

"Ndani amadina limeneli?" anafunsa.

"Aliyense amene ali pafupi," anayankha a enjenyeru. "Wina dzanja likakodwa mu lamba, mnzake amadina."

"Wantchito wamba aimitse makina a boma? Popanda chilolezo?"

"Kamarada diretori, dzanja silidikira chilolezo."

"Lisamutsireni ku ofesi kwanga."

Anakangana mpaka onse awiri anafiira, aliyense mwa mtundu wake. Mawa lake madala a magetsi anatenga chivindikiro chofiira cha botolo la mankhwala a mbewu, anachikhomera pa thabwa, n'kukachimangirira pa khoma la ofesi ndi waya wolowa m'denga. Wayayo ankathera m'dengamo. A diretori anakhutira, ndipo alendo akabwera ankawaonetsa. Batani lenileni linatsala pa lamba.

Kenako a enjenyeru anapopa mafuta m'galimoto yawo n'kuthira mu jeradori, kuti tione kamodzi kokha zimene tinkavina zija. Anandipatsa kachipangizo kolembera, kokhala ndi timabatani ngati kowerengetsera masamu, kolumikizidwa ku bokosi ndi chingwe. Ndinalowetsa mzere woyamba. Nditadina batani lobiriwira, kagetsi kanayaka, china chake chinalira kuti tha m'kati, lamba n'kuyamba kuyenda. Sindinamukhudze lambayo. Ndinangomuuza. Ndinaimitsa, ndinayambitsanso, mpaka madala anati ndisiyireko ena. Tinalowetsa purogarama yonse, makwerero onse aja, masana amenewo mafuta asanathe.

Sipanapite nthawi, kunamveka kuti azungu ena agwidwa ndi a kutchire ku munda wina, ndipo panabwera lamulo loti alendo onse achoke. A enjenyeru anatitsanzika m'chishedi muja. Anatsegula kachitseko ka m'mbali mwa bokosi n'kutionetsa mabatire.

"Awa ndi amene amasunga purogarama magetsi kulibe. Mukawachotsa, bokosi limaiwala zonse."

Anabwereza mawu omwewo pamaso pa a diretori kuti nawonso amve. Kumeneko ndiye kunali kulakwa kwawo. Mabatire nthawi imeneyo anali osowa kuposa shuga.

Patapita miyezi tinauzidwa kuti kukubwera mkulu wina wochokera ku likulu la chigawo kudzatsegulira fabrika. Tinasesa, tinapaka laimu miyala ya m'mbali mwa msewu, ana a eskola, sukulu ya pamundapo, anaphunzira nyimbo. Mafuta anafika ndi asilikali dzulo lake la mwambowo. M'mawa ndinaliza jeradori, ndinadina batani lobiriwira. Lamba anangoti zii. Madala anatsegula kachitseko kaja. Munalibe kanthu. Tili chiimire choncho, ku ofesi kunkamveka wailesi ikuimba mokweza ndithu, wailesi imene inali itakhala chete chaka chonse posowa mabatire.

Ndinapita kukanena. A diretori anatsitsa wailesiyo pang'ono kuti andimve.

"Limeneli ndi dzanja la mdani," anatero. "Mdani ali pakati pathu, kamarada. Tidzamufufuza mwambo ukatha. Pakali pano makina ayende alendo asanafike."

Mapepala a purogarama anali atapita ndi a enjenyeru, ndipo bolodi ana a eskola anali atafufuta n'kulembapo nyimbo yawo. Ndinakhala pansi ndi kachipangizo kolembera kaja, mutu uli mbuu.

"Mayi, musalire," anatero madala. "Tandifunsani ine. Si ndinali chitseko?"

"Mumatseguka liti, bambo?"

"Thumba likakhalapo, inu musanakweze dzanja."

"Nanga kutseka?"

"Mukangokweza. Kenako alamu aja amawerenga, lamba n'kuyenda."

Tinapita nazo choncho, iwo akutambasula manja, ine ndikulowetsa. Alamu titawaitana, nawonso anakumbukira mbali yawo bwinobwino, zimene zinatidabwitsa tonse. Dzuwa lisanafike pamutu lamba anayenda.

Panatsala vuto lina limene automatu sakanalithetsa. Tirigu kunalibe. Antchito ambiri anali atathawira ku Malawi, ndipo wochepa amene tinakolola anagawana asilikali masana ndi a kutchire pambuyo pake. Anatsala matumba owerengeka. A diretori anakonza motere: thumba likadzaza n'kutuluka pa bowo la khoma, amuna ena kuseri alinyamule, azungulire nalo chishedi, akwere n'kukhuthuliranso m'nkhokwe, thumba lopanda kanthu alibweze kutsogolo.

Mkulu uja anafika ndi magalimoto a asilikali kutsogolo ndi kumbuyo. Anali wamfupi, wa magalasi, wooneka wotopa. Ana anaimba, iye anadula nsalu, anadina batani, makina n'kuyamba. Chitseko chinkatseguka, thumba linkadzaza, balansa inkatseka pa muyeso weniweni, lamba ankalitenga. Ndinaima pambali pa bokosi, ndipo ngakhale ndinkadziwa za kuseri, ndinanyadira. Mbali yanga inali yoona.

"Samatopa makina amenewa?" anafunsa mkuluyo.

"Satopa, kamarada," anayankha a diretori mokweza, chifukwa kuseri kwa khoma kunkamveka anthu akupuma mwawefuwefu.

Pa matumba aja panali lina la chigamba cha nsalu yobiriwira. Linadutsa koyamba. Linadutsanso. Litabwera kachitatu, mkuluyo anachotsa magalasi, anawapukuta, analiyang'ana thumbalo mpaka linalowa pa bowo, kenako anayang'ana a diretori. Ndinaganiza kuti tonse tikagona kundende. Iye anabwezera magalasi n'kuyamba kuomba m'manja. Nayenso anali ndi akuluakulu ake omudikira kuti akawauze zabwino.

Zotsatira zake sizinachedwe. Munda wathu anauchulukitsira tirigu woti uzipereka chaka chilichonse, poti tsopano unali ndi makina osatopa. A diretori anakwezedwa n'kupita ku mzinda, wailesi yawo m'manja, vutolo n'kusiyira wowalowa m'malo. Mdani uja sanafufuzidwenso. Ine ndinaitanidwa n'kuuzidwa kuti ndine katswiri, ndipo dziko likundifuna ku Furancungo, m'boma la Macanga, kukayambitsa zomwezo pa nkhokwe ya chimanga.

Ndinapempha kuti ndikatenge mwana wanga. Anati msewu wa kumeneko sukuyendeka, ndidzamutenga zinthu zikakhala bwino. Ndinakwera kamyau ya asilikali, pamwamba pa matumba, tikuima paliponse pamene akutsogolo akayikira dothi la mumsewu kuti mwina akwiriramo bomba.

Ku Furancungo a administradori, oyang'anira bomalo, anandilandira ndi manja awiri. Anandionetsa nkhokweyo: nyumba yaitali ya malata, mulibe lamba, mulibe waya, chimanga chili pakona pamodzi ndi makoswe ake.

"Bokosi lili kuti?" ndinafunsa.

"Lili m'njira, kamarada. Inu yambani kuphunzitsa kuti likamafika lipeze anthu ali okonzeka."

Anandipatsa aphunzitsi awiri, wothandiza ku chipatala ndi mlembi wa ku ofesi. Onse anali anthu anzeru amene analibe kothawira maphunzirowo masana. Ndinajambula makwerero pa bolodi la eskola. Ndinawagawira ntchito, uyu chitseko, uyu balansa. Ankafunsa mafunso abwino kuposa amene ine ndinkafunsa, ndipo mphunzitsi wina wamkazi anatulukira njira yachidule yowerengera matumba imene sindinaiganizepo. Palibe mmodzi wa iwo anaonapo automatu ndi maso. Mfuti zikamveka ku mapiri tinkagona pansi pa mabenchi, zikaleka n'kupitiriza pa mzere umene tinalekezera.

Nyengo ya mvula itatha, madala a magetsi anatulukira ku Furancungo wapansi, ataonda, akufuna mwana wawo wamkazi amene anakwatiwa cha ku Chidzolomondo. Anandiuza kuti munda wa ku Tsangano unatenthedwa. Mawaya anthu anasolola kukatchera mbewa ndi nkhanga, lamba anamudula n'kupanga nkhwaira. Bokosi analisiya pa khoma poti palibe anaona ntchito yake. Anandiuzanso kuti amayi anga ndi mwana anawoloka malire ali moyo. Ndinakhala pansi pomwepo pa khonde la eskola, ndipo madala anadikira mpaka nditatha kulira.

A administradori anaumirira kuti maphunziro atsekedwe ndi mwambo. Ophunzira anga anavala zovala za kutchalitchi, analandira madipoloma olembedwa pa makina a ku ofesi, ndipo panalankhulidwa mawu ambiri onena za tsogolo. Sabata yotsatira, m'mawa anthu akupita kumsika, tauni inalowedwa ndi a kutchire. Tinathawa tonse kulowera kum'mawa, akatswiri ndi osaphunzira omwe, a administradori ali patsogolo.

Ndinayenda ndi mphunzitsi wamkazi uja mpaka ku malire. Amayi anga ndinawapeza patapita milungu, mu msasa wa othawa nkhondo cha ku Dedza, akupepeta nyemba. Mwana wanga anabisala kumbuyo kwawo n'kufunsa kuti mayi awa ndi a kuti. Amayi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Tinamva kuti unakhala wamkulu ku boma," anatero. "Watibweretsera chiyani?"

Ndinalibe ngakhale chitenje chosinthira. Anasuntha pa mphasa kuti ndikhale, anandipatsa lichero lina, ndipo tinapitiriza kupepeta.