Dzina Lobwereka la Luwiza

Ku Chiwanga, kugombe la kum'mawa kwa nyanja, mukafunsa za a José Luís, anthu amangoyang'anana. Mukati a Luwisi osoka maukonde, aliyense akulozerani pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa matandala oyanikapo usipa. Amakhala pamenepo kuyambira m'mawa, ukonde uli pamiyendo, chala chachikulu cha kuphazi chitaukoka. Kunyanja analeka kupita, msana unakana. Amasoka bwino ndipo salankhula zambiri.

Dzina lakuti Luwisi linali la bambo awo. Bambowo anamira nthawi ya nkhondo, banja likuthawira ku Likoma, mwera utagubuduza bwato limene anakwera. Mtembo sunapezeke. Manda palibe. Chimene chinatsala ndi dzina basi, ndipo mwana wawo analisunga ngati moto wopala kwa anansi nthawi ya mvula. Anakulira ku Malawi akugwira ntchito m'mabwato a eni. Komweko anakwatira a Lea, amenenso anali othawa nkhondo. Mtendere utabwera anawoloka kubwerera kwawo, namanga nyumba pamalo pamene panali ya makolo.

Mimba ziwiri za a Lea zinapita padera. Yachitatu itakula, a Luwisi anauza gombe lonse kuti kukubwera Luwisi. Kunabadwa mwana wamkazi.

"Nanga Luwisi wanu uja wabwera atavala kapulana?" anzawo anawaseka, kunena chitenje cha akazi.

Amene anawachotsa manyazi anali katekisiti wa tchalitchi cha Anglikani. Anawauza kuti mayina a Chipwitikizi amayenda awiriawiri, Paulo ndi Paula, Juliyo ndi Juliya, ndipo Luwisi wamkazi ndi Luwiza. Mchombo utagwa, mwana atatuluka m'chikuta, a Luwisi anamunyamula m'mwamba n'kumutcha Luwiza.

Anamukonda mwanayo, izi palibe angatsutse. Anthu a dzina limodzi kuno amaitanana kuti shara. Bambo akafuula kuti "Luwiza!" mwana ankayankha kuti "Shara!" ali kulikonse, ngakhale pakamwa pali chinangwa. Atangoyamba kuyenda anali kumbuyo kwawo. Anaphunzira kukapa madzi m'bwato, kukulunga ulusi pa singano yosokera ukonde, ndi kudziwa mphepo poyang'ana mtundu wa madzi. Akazi a m'mudzi ankadandaula kuti mtsikana sakulira pagombe. A Luwisi sanamve. Anamusemera nkhafi yaing'ono ya msinkhu wake, ndipo masana nyanja ikakhala bata ankapalasa awiri m'mbali mwa miyala. Mlendo akamufunsa kuti ndiwe yani, mwana ankadziguguda pachifuwa. "Ndine Luwiza wa a Luwisi wa a Luwisi."

Luwiza ali pafupi zaka khumi, a Lea anabala mwana wamwamuna.

Tsiku lomutulutsa m'chikuta a Luwisi anapha mbuzi. Anthu anadzaza bwalo, mowa unalipo. Anamunyamula mwanayo, namutcha Luwisi, akazi analuluta. Pakanathera pomwepo sipakanakhala nkhani. Koma msodzi wina anafuula kuti, "Nanga shara wanu woyamba uja?"

A Luwisi anaseka. "Lija linali lobwereka, tinkangosungitsa. Lero dzina lapeza mwini wake."

Bwalo lonse linaseka. Luwiza anali akubwera ndi beseni la madzi osambitsa alendo m'manja. Anaima, naliika pansi bwinobwino osataya ngakhale dontho, n'kupita kuseri kwa nyumba. A Luwisi anamuona. Anapitiriza kuseka chifukwa anthu anali akusekabe.

M'mawa mwake anatenga nkhafi yaing'ono ija n'kuisomeka kudenga, pamwamba pa pogona khanda. Anati idikire mwini wake akule.

Kuyambira tsiku limenelo mwana analeka kuyankha. Ntchito ankagwira. Akamutuma ndi dzanja ankapita. Koma akamva "Luwiza" ankakhala ngati aitana nkhuku ya kwa eni. Bambo anakalipa, tsiku lina anamukwapula ndi chingwe cha ukonde. Mwana analira, koma sanayankhe. Chaka chomwecho kunabwera a Magalita, akulu awo a a Lea, amene ankatsika kuchokera ku Maniamba kudzasinthanitsa chimanga ndi usipa. Anaona mmene zinalili, ndipo pobwerera anamutenga. Ku sikola ya kumeneko aphunzitsi atamufunsa dzina, anati ndine Aida. Linali dzina la agogo ake aakazi, amayi a a Lea. Palibe anamupatsa, anadzitengera yekha.

Mnyamata uja anakula. Poti mayina anali ofanana ndi a bambo, anthu anayamba kumuitana Juniyo, ndipo linakhala lomwelo. Madzi ankawaopa. Nkhafi ija sanaigwirepo. Lero ali ku Lichinga, amanyamula anthu pa njinga yamoto, ndipo mukamufunsa dzina akuuzani kuti Juniyo. Ndi mwana wabwino, amatumiza shuga ndi sopo. Koma dzina limene a Luwisi anaphera mbuzi palibe amalitchula.

A Lea atadwala matenda amene anawatenga, anawauza amuna awo mawu amodzi okha pa nkhaniyi. "Mwana wamkazi uja munamulanda, ndipo mukudziwa." A Luwisi ankadziwa. Ankadziwa kuyambira pamene beseni linaikidwa pansi. Koma bambo kupepesa mwana anali asanazionepo, ndipo chaka chilichonse ankati achita chaka chamawa.

Pamaliro a mayi ake mwanayo anabwera, ali mayi wamkulu, wokwatiwa ndi mlimi wa ku Maniamba dzina lake Salum. Anagwira ntchito zonse za pamaliro. Anagwadira bambo ake powapatsa madzi, nawaitana papa mwaulemu. Iwo anayesa pang'onopang'ono, "Luwiza." Iye anayang'ana kunyanja mpaka anamaliza kumwa, natenga kapu n'kuchoka. Lakuti Aida pakamwa pawo linkakana kutuluka. Choncho bambo ndi mwana anakhala zaka akulankhulana popanda dzina.

Chaka chatha, nthawi yokolola chimanga, foni ya a Luwisi inalira ali pansi pa mango paja. Anali a Magalita.

"Alamu, mwana wanu wachira. Wamwamuna."

"Zikomo. Ali bwino onse?"

"Ali bwino. Koma ndakuimbirani china. Mchombo ukagwa mwana atchedwa dzina, ndipo mayiyo akhala amake uje mpaka kumanda. Luwiza atha, Aida atha. Ngati muli ndi mawu ndi Luwiza, masiku ake ndi ano. Mukachedwa mudzalankhula ndi amake mwana."

A Luwisi anapinda ukonde wa eni usanathe. Analowa m'nyumba, nakwera pampando, nasolola nkhafi ija kudenga. Inali yakuda ndi mwaye. Anaipukuta ndi mchenga ndi madzi. M'mawa anamanga thumba la usipa panjinga, napalasa mpaka ku Metangula, nakwera shapa, minibasi yopita kumtunda. Njira yonse yokwera phiri nkhafi inali pakati pa miyendo yawo, anthu akuiyang'ana.

A Magalita anawalandira pabwalo manja ali m'chiuno.

"Usipa tikulandira. Koma ichi n'chiyani? Kuno nyanja mwaiona? Kapena mwatibweretsera mthiko?"

"N'cha mwini wake."

"Mwini wake uti? Paja inu eni ake a zinthu mumawasintha."

Mlamu ali ndi ufulu wonyoza, ndipo apa sankanama.

Mwamuna salowa m'chikuta. A Luwisi anaima panja pa chitseko cha kanyumba kamene munali mayi ndi khanda, chipewa chili m'manja. Nkhuku zinkapalasa pafupi ndi mapazi awo.

"Papa, mwayenda bwanji?" mawu anachokera mkati.

"Ndayenda bwino. Luwiza."

Khanda linalira pang'ono, n'kutonthola.

"Luwiza, mwana wanga."

"Mukuitana ndani, papa? Dzina limenelo munati n'lobwereka. Chobwereka chimabwezedwa. Ine ndinabweza."

"Unali mowa umene unalankhula tsiku lija."

"Mowa unalankhula, chabwino. Nanga nkhafi? Nkhafi munatenga m'mawa mwake, mutasamba m'maso."

A Luwisi anayang'ana nkhafi imene anaitsamiritsa pakhoma.

"Ndabwera nayo," anatero.

"Ndamva a Magalita akuseka." Kenaka anawonjezera kuti, "Papa, mawu aja munanena pa anthu, mbuzi itaphedwa. Zonong'ona pachitseko ine sindizimva."

A Luwisi anakhala ku Maniamba kudikira kuti mchombo ugwe. Ankathandiza mkamwini wawo kutong'ola chimanga, ntchito imene manja a msodzi saidziwa, ndipo ana a pamudzipo ankawaseka. Pachitseko paja sanabwererenso.

Tsiku lotulutsa mwana linafika. A kwa Salum ndi Asilamu. Kunabwera shehe, khanda linametedwa, anthu anakhala pamikeka, amuna mbali iyi, akazi mbali iyo. Mayi wa mwana anakhala pakati pa akazi atafunda kapulana yatsopano, maso ali pa khanda. Kenaka anaimirira a Hamisi, bambo ake a Salum, munthu wamtali wofatsa.

"Asewere," anatero kwa a Luwisi, "mwachokera kutali, ndipo uyu ndi mdzukulu wanu woyamba. Ife takambirana. Dzina mutche ndinu."

Anawaika khanda m'manja. Linali lopepuka, lofunda, lamphumi yotakata ngati ya bambo awo omira aja. Aliyense pabwalopo ankadziwa dzina limene litatuluke. A Magalita anali atayamba kale kupukusa mutu. A Luwisi nawonso analimva likukwera kukhosi. Mwana wamwamuna, magazi awo, ndipo eni ake apereka okha. Dzina likanadzukanso pomwepo.

A Luwisi anaimirira ndi mwanayo.

"Asewere, zikomo. Koma ine kutcha mayina ndinalephera kale. Ndinatcha mwana wanga uyo dzina la bambo anga. Analinyamula bwino kuposa ine. Kenaka kutabadwa wamwamuna, ndinaima pa anthu ngati pano, ndikuseka, n'kunena kuti lake linali lobwereka. Ndinanama. Silinali lobwereka. Linali lake, ndipo ine ndinamubera. Ndinamulandanso nkhafi yake, ndinamumenya chifukwa chokana kuyankha. Mkazi wanga anamwalira akundiuza. Ndine bambo wopusa, ndipo ndanena pa anthu."

Palibe anaseka. Shehe anayang'ana pansi. Mwamuna wamkulu kudzivula chotero pamaso pa asewere ndi mkamwini, anthu sanadziwe poika maso.

A Luwisi anatembenukira kwa akazi.

"Luwiza."

Mayi uja sanadzutse mutu. Anakonza kapulana paphewa, nayang'ana zikhadabo zake. Nthawi inapita. A Luwisi anaima pomwepo, khanda lili m'manja.

"Shara," anatero, osakweza mawu.

Anayankha kamodzi kokha. Sanamwetulire, sanalire. Anatambasula manja, ndipo bambo ake anawoloka bwalo n'kumupatsa mwana.

"Dzina atche mayi wake," anatero a Luwisi.

Mayiyo anayang'ana khanda, nayang'ana apongozi ake amene anamulandira pamudzipo ndi kumulimira munda zaka zonse zimene anadikira mwana.

"Ndi Hamisi."

Akazi analuluta. A Hamisi aakulu anaseka mpaka mano onse kuonekera, nanyamula shara wawo. A Luwisi anabwerera pamkeka n'kukhala pansi. Zinawapweteka, ndipo ankadziwa kuti palibe wawalakwira.

"Amake Hamisi!" a Magalita anafuula. "Lowetsani mwana, dzuwa lakula."

Kuyambira pamenepo ndi amake Hamisi. Salum amamuitana choncho, a Magalita choncho, ndipo a Luwisi nawonso choncho, poti ndiwo mwambo.

M'mawa mwake, popita kokwerera shapa, a Luwisi anadutsa pakanyumba kaja kukatsanzika. Nkhafi sinalinso pakhoma. Anasuzumira pachitseko naiona ili kumutu kwa mphasa ya mayi, osati kumbali ya khanda. Mwana wawo anawapatsa thumba la ufa, nati akafika aimbe foni.

Lero ali pansi pa mango paja, akusoka. Anzawo a pagombe amawaputa kuti, "Nanga kumtunda kuja mwasiyako Luwisi?"

"Ayi," amayankha osaleka kusoka. "Kuli Hamisi. Luwiza ndiye mayi wake."