Unyolo Umene Unapsa Lachisanu

Chaka chimene mkazi wanga anamwalira, esiteti ya tiyi imene ndinkagwirako ntchito ya zamagetsi inabweretsa kompyuta yoyang'anira nthambo zake zonse. Swichi iliyonse, ngakhale ya kutali kumapiri, inkatumiza uthenga pa wailesi. Magetsi akakhala kuti akuyenda, kabokosi kake pa kompyuta kankafiira. Akazima, kankabiriwira. Anandiika pampando woyang'anira kompyutayo ineyo. Lamulo linali limodzi: munthu asanakwere polo, uifunsenso swichiyo ndi kudikira yankho lake, ngakhale lichedwe.

Lachisanu lina chiperoni chinatsika masana mpaka mizere ya tiyi inabisika. Nthambo yopita ku mpope wa madzi inafunika kukonzedwa. Anapitako mnzanga wachikulire, amene anayamba kukwera mapolo ali mnyamata. Swichi ya kumeneko ndinali nditaizimitsa m'mawa, ndipo kabokosi kake kanali kobiriwira.

"Abusa, ndikwere?" anafunsa pa wailesi. Ankanditcha choncho chifukwa chosunga Sabata.

Dzuwa linali litapendeka, ndipo ndinkafuna kuti Sabata lindipeze kunyumba. Sindinaifunsenso swichi ija.

"Kwerani achimwene, magetsi ndi ozima."

Ndikuvala jekete, maso anga anagwera pa nthawi yolembedwa pansi pa kabokosi kaja. Inali ya m'mawa. Chiyambire chiperoni, swichiyo inali isanatumize uthenga uliwonse. Ndinamuitana mnzangayo katatu. Wailesi inkangolira phokoso.

Ndinathamanga m'tinjira ta m'munda, masamba onyowa akundimenya m'chiuno. Pemphero linakana kutuluka. Fungo la chitsulo chopserera linandipeza ndisanaone polo.

Ndinamupeza atakhala pamwala. Pansi panali unyolo wake wakale, umene ankauponya pa nthambo asanakwere kuti aone ngati muli magetsi, anzake akumuseka kuti sakhulupirira makina. Unali utaduka pakati, nsonga zake zitasungunuka. Wina anali atayatsanso swichi ija ndi manja masana, pofuna madzi ku fakitale. Wailesi ya mnzangayo inali itagwera mu ngalande pamene ankathawa moto.

"Abusa," anatero, "kompyuta yanu ija imapemphera mpingo uti? Bodza ili nalo."

Mdima unali ukugwa. Sabata linali litalowa kale.

"Si kompyuta, achimwene. Ndine. Sindinaifunsenso."

Anandiyang'ana. Kenako anatola unyolo uja n'kundipatsa kuti ndinyamule. Unali ukadali wofunda.