Ketulo Yamkuwa ya Madamu

Achemwali Esinati, lero madamu andipatsa ketulo yamkuwa ija kuti ndiikweche, basi mtima wakana kukhazikika. Paja tinkaikwecha awiri m'khitchini muno ku Al Twar, kudziko la Aluya kuno, inu mukundilakatulira ndakatulo ya amonke akalekale yomwe masisitere anakuphunzitsani. Munati, "Amonkewo ankati mzimu uli ngati mkuwa, tchimo ndi dzimbiri, kulapa n'kukwecha. Mulungu sataya chiwiya, amafuna adzionerepo nkhope." Ine ndinangoseka n'kuti, "Yalla, fulumirani, madamu akubwera!"

Patha chaka chimwalirireni inu, ndipo pemphero likundikanikabe. Ndikagwada ndimadzukanso, n'kumangozungulira m'nyumba mwa eni ake. Lero ndakwecha mpaka zala kuwawa. Ketulo yawala ndithu, achemwali, koma pakuoneka nkhope imodzi yokha.