Mbale za Nélida Zinkawala

Nélida Barreiro analera maselo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri mulabotale ina ku Montevideo, ndipo zaka zonsezo sanakhulupirirepo munthu. Mabotolo ake ankawaika chizindikiro ndi penti wa zikhadabo. Poweruka ankamata tsitsi limodzi pachitseko cha kabati yofunditsira maselo, kuti m'mawa adziwe ngati wina anatsegulamo. Amene ankamasuka naye anali mkulu wa labotaleyo basi, Dokotala Washington Pereyra. M'mawa uliwonse mkuluyu akathira madzi otentha m'chikho cha yeriba, tiyi wa kumeneko womwera chikho chimodzi mopatsirana, n'kumwa choyamba, chachiwiri chinali cha Nélida, ena pambuyo.

Mtendere unatha atafika Dokotala Yamandú Olivera kuchokera ku Ulaya ndi maselo ake. Selo limakhala ndi timanja pakhungu pake, komanso timfundo toti timanjato tigwire. Maselo a Yamandú anakonzedwa moti kadzanja kakagwira kamfundo ka selo loyandikana nalo, selolo limawala mobiriwira. Koma kakagwira kamfundo ka pakhungu lake lomwe, palibe chochitika, selo limangoti bii.

Tsono maselowa akafesedwa m'mbale zolerera, mbale zofesa Nélida zinkawala, zofesa mwini wake maselo ayi.

"Doña Nélida, m'mbale zanuzi mumathiramo chiyani?" anafunsa Yamandú, kukamwa kukumwetulira koma maso ali gwa.

"Manja odziwa ntchito, Dokotala. Ku Ulaya kuja sanakugawireniko?"

Nélida anamuda munthuyu kuyambira tsiku limenelo. Anatsimikiza mumtima kuti Yamandú akufuna kumuchotsetsa ntchito. Lachitatu anapeza tsitsi lija laduka. Lachisanu Washington anawaitana onse awiri.

"Nélida, mnzathuyu akuti mukuchita chinyengo. Ine ndamuuza kuti amenewo ndi misala. Fesani mbale imodzi pompano ife tikuona, nkhani ithe."

Nélida chinyengo analibe, koma chinsinsi anali nacho. Pepala la malangizo, lolemba Washington ndi dzanja lake, linkati maselo azifesedwa motalikirana. Chaka chake choyamba Nélida anaona kuti maselo otalikirana amanyentchera, ndiye anayamba kuthira ochuluka katatu, osauza munthu. Akanauza ndani, iye wosakhulupirira aliyense? Lero akatsata pepala, mbale siidzawala ndipo adzatchedwa wachinyengo. Akafesa mwachizolowezi chake, Washington aona.

Nélida anatenga kapaipi kake kothirira maselo n'kuthira katatu.

"Taimani kaye!" anakuwa Yamandú. "Onsewo m'mbale imodzi? Ndiye nkhani yake ndi imeneyi! Anuwa amakhudzana, amagwirana ndi anzawo. Angawa alibe mnzawo pafupi, amangodzigwira okha. Doña, ndikhululukireni, ndinatsegula kabati yanu ngati mbala. Mwandipulumutsa!"

Nélida sanamuyang'ane n'komwe. Maso ake anali pa Washington, yemwe anali atavula magalasi.

"Munayamba liti zimenezi?" anafunsa mkuluyo motsitsa mawu.

"Kalekale, Dokotala."

"Liti, Nélida?"

"Chaka choyamba chomwe."

Washington anatembenukira kushelefu komwe kunali zolemba zake zonse zosindikizidwa. Chilichonse chinkauza dziko kuti maselo anafesedwa motalikirana, ndipo pamwamba pake panali dzina lake. Sanakalipe. Nélida akanakonda akanakalipa.

Lolemba m'mawa ntchito ya Nélida inali ikadalipo, palibe anamuthamangitsa. Anakhala pampando wake wa masiku onse, mantha ali tho. Washington anathira madzi m'chikho, anamwa choyamba, n'kuthiranso. Nélida anatambasula dzanja monga ankachitira zaka zonsezi. Mkuluyo analiyang'ana dzanjalo kanthawi, kenako anakweza chikho n'kumwa yekha.