Rula Yanga M'chitseko cha Galimoto

Ndikukumbukira galimoto ya Ababa ija, yobiriwira ngati tsamba la mpiru, yomwe inali yakale kundiposa ine. Anthu a mu msewu wathu ku Zengeza 4 ankaimva isanatulukire pakona. Ababa anali telala, koma pa galimotoyo ankadziyesa makaniko, ndipo zipangizo zokonzera ankazitenga kwa ine. Riboni yanga yakumutu inamanga paipi ya utsi. Kampasi yanga ya masamu inatsegula kabowo ka petulo, osabwereranso. Ndinali mwana wamanyazi. Mkwiyo wanga ndinkaulemba m'kabuku kanga madzulo, mmawa n'kuwamwetulira.

Tsiku la mayeso a masamu a Giredi 7, kalasi yomaliza ya pulayimale, Ababa anati sindiyenda pansi. Anali ndi suti ya mkwati yoti akapereke ku dera la Unit D, ndiye anaiyala bwinobwino pa mpando wakumbuyo. Ine ndinakhala kutsogolo, nditakumbatira kapepala ka pulasitiki momwe munali mapensulo ndi rula yanga yatsopano yathabwa. Aphunzitsi anali atanena mobwereza kuti m'chipinda cha mayeso mulibe kubwerekana. Wopanda rula ajambula mizere ndi chala.

Kunja kunali kotentha, mitambo yakuda itaunjikana, fungo la mvula yoyamba lili m'mphuno. Titayandikira mashopu a pa Huruyadzo, madontho anayamba. Ndinagwira chopukusira galasi, n'kupukusa mosamala. Ndinamva kuti khwe, kenako galasi lonse linatsetserekera m'mimba mwa chitseko. Chopukusiracho chinangozungulira chokha, chopepuka ngati supuni m'kapu yopanda tiyi.

"Suti ya mwini!" anafuula Ababa, n'kuimika galimoto pomwepo, pakati pa makombi, maminibasi a kumeneko.

Ndinafuna kuwauza kuti nthawi yatha, koma ndinangokumbatira kapulasitiki kanga. Iwo anali atatulutsa kale mpango wawo, akuulowetsa kuseri kwa chopukusira kuti akoke kawaya kochigwira. Kawayako kanadumphira m'matope. Tinakafunafuna titagwada, anyamata oitanira makombi akutikuwiza m'Chishona kuti tichotse chigalimoto chathu pamsewu. Atakapeza, anayamba kukanganula chikuto cha chitseko ndi sizasi yodulira nsalu. Mkatimo munatuluka fumbi, mphemvu yakufa, ndi kampasi yanga ija.

"Waona? Mano a giya adyeka," anatero mosangalala, ngati apeza ndalama. "Tadala, dzanja lako ndi laling'ono. Pisa umu, ukankhe galasi m'mwamba."

Ndinapisa. Zitsulo zinandikanda pamkono, girisi wakuda anadetsa malaya anga a sukulu omwe Amayi anawasita mmawa womwewo. Galasi linali lolemera ndi loterera. Ndinalikankha mpaka linafika pamwamba, mvula ikundilowa m'khosi. Ababa anayang'ana uku ndi uku kufuna chochirikizira. Maso awo anagwera pa kapulasitiki kanga. Ndinawaona akusolola rula yanga, akuiimika pansi pa galasi, akuikhomerera ndi chibakera.

"Basi! Ngati yatsopano," anatero, akupukuta m'manja. "Tiye, uchedwa."

Ine ndichedwa! Njira yonse yotsalayo ndinkangoyang'ana rulayo itapindika pafupi ndi bondo langa, poti chikuto cha chitseko chinali chili pamapazi panga. Mumtima ndinkalemba kale masamba atatu a madzulo. Koma kabuku sikakanandijambulira mizere.

Pa geti la sukulu anzanga anali atandanda kale. Ndinatsegula chitseko, ndinatsika, ndinaima.

"Ababa, rula yanga."

Injini inkaphokosera. Iwo anangondikweza dzanja. "Ukalembe bwino, mwana wanga!"

Sindikudziwa chomwe chinandigwira. Ndinawerama, ndinagwira rulayo ndi manja awiri, n'kuizula. Galasi linagwa ndi phokoso lomwe linatembenuza mzere wonse wa ana.

"Ndati rula yanga, Ababa! Ndi ya mayeso!"

Anandiyang'ana ngati andimva kulankhula koyamba. Anayang'ana suti, anayang'ana mvula, anayang'ananso ine. Kenako anavula nsapato yawo yakumanzere, ija yopita nayo kutchalitchi. Anakweza galasi okha, akudzikanda ndi zitsulo zomwe zija, n'kukhomerera nsapatoyo pansi pake. Anachoka akuponda kalachi ndi sokosi.

Mayeso ndinalemba manja akununkha girisi. Galasi linali litaluma rula yanga kunsonga n'kuing'alula pang'ono m'mbali, choncho mzere uliwonse womwe ndinajambula unali ndi kanundu pakati. Ndinakwiya ndi kanundu kalikonse. Ndinakhoza ndithu, ndipo Ababa ankauza aliyense kuti ndi chifukwa choti anandiperekeza pa galimoto.

Masiku ano magalasi amakwera ndi batani. Likafa, palibe choimika m'chitseko. Umangopita kwa makaniko wa zamagetsi, n'kudikira. Mwana wanga wamkazi amamva Chichewa koma amandiyankha m'Chishona, ndipo alibe manyazi anga. Sabata yatha ndinatenga rula yake kuti ndisolole kiyi yemwe anagwera pansi pa firiji. Ndisanagwade n'komwe, anali ataima pakhomo, dzanja atatambasula.